Kusaka sitima zobisala pansi pa nyanja ya Baltic: chifukwa chake khutu limodzi silikwanira

M'mawa wa pa 28 October 1981, asodzi a kum'mwera kwa dziko la Sweden anaona chinthu chimene asilikali a dzikolo sanachione usiku wonse. Sitima yankhondo yoyenda pansi pa madzi ya Soviet Union inali itatsakamira pamiyala ku Gåsefjärden, makilomita pafupifupi 10 kuchokera ku Karlskrona, kumene kuli malo aakulu a asilikali a pamadzi a Sweden. Sitimayo inali S-363, koma ku Sweden amaidziwa ndi dzina loti U 137. A ku Moscow anati oyendetsa anangosochera. Inakhala pamenepo mpaka pa 6 November pamene inaloledwa kuchoka.

Kuyambira pamenepo, kwa zaka zoposa khumi, asilikali a Sweden anali kalikiliki kusaka sitima zotere m'mbali mwa gombe lawo. Mu October 1982, ku Hårsfjärden kufupi ndi malo a asilikali a Muskö, anaphulitsa mabomba oposa 40 m'madzi pofuna kukakamiza sitima imene ankakhulupirira kuti aitsekera m'menemo kuti ivuuke. Palibe chimene chinavuuka. Komiti ya boma mu 1983 inaloza chala Soviet Union. Komiti ina mu 1995 inavomereza kuti sitima zachilendo zinalowadi m'madzi a Sweden, koma inati umboni sunali wokwanira kutchula dziko limene linazituma.

Dziko lolemera, la akatswiri odziwa ntchito, linalephera bwanji kuyankha funso looneka lophweka chonchi, loti m'madzimu muli sitima kapena mulibe? Yankho lake likutifikitsa pa luso limene asilikali a pamadzi amadalira masiku ano, lophatikiza zimene zipangizo zosiyanasiyana zamva ndi kuona kuti zipereke chithunzi chimodzi.

Madzi osaya amanamiza khutu

Kuwala sikupita patali m'madzi a m'nyanja, ndipo radar, chipangizo choonera zinthu patali ndi mafunde a wailesi, siilowamo n'komwe. Chimene chimayenda bwino ndi phokoso. Limathamanga mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi, kuposa kanayi liwiro lake mumpweya. N'chifukwa chake kusaka sitima zapansi pa madzi kwakhala ntchito ya makutu. M'nyanja zakuya makutuwo amathandizadi. Kuyambira m'ma 1950, dziko la America linayala mizere ya maikolofoni pansi pa nyanja ya Atlantic, yotchedwa SOSUS, ndipo inkamva sitima za Soviet Union zili pamtunda wa makilomita mazanamazana.

Baltic, nyanja ya kumpoto kwa Ulaya imene ili m'mbali mwa Sweden, ndi nkhani ina. Kuya kwake, tikatengera ponseponse, ndi mamita pafupifupi 55 okha, ndipo malo akuya kwambiri, kufupi ndi Landsort, ndi mamita 459. M'madzi osaya chonchi phokoso siliyenda njira imodzi. Limagunda pansi, n'kubwerera pamwamba, n'kugundanso mwala, moti phokoso limodzi limafika pa maikolofoni kangapo, kuchokera mbali zosiyana. Kunja kwa Stockholm, likulu la Sweden, kuli zilumba ndi miyala yotumphuka pafupifupi 30,000, ndipo uliwonse umabweza phokoso.

Madzi enieniwo ndi osanjikizana. Mitsinje yambiri imathira mu Baltic, choncho madzi a pamwamba ali ndi mchere wochepa, magalamu pafupifupi 7 pa lita pakatikati pa nyanjayi, pamene nyanja zikuluzikulu zili ndi magalamu 35. Madzi amchere kwambiri ochokera ku North Sea amakhala pansi chifukwa ndi olemera. M'chilimwe dzuwa limatenthetsanso madzi a pamwamba, apansi n'kukhalabe ozizira. Liwiro la phokoso limasintha malinga ndi kutentha, mchere ndi kuya, ndipo likadutsa malire a madzi awiri osiyana limapindika, kukhotera kumene limayenda pang'onopang'ono. Woyendetsa sitima yapansi pa madzi wodziwa ntchito amayeza malirewa n'kubisala kunsi kwake, ndipo sitima yomusaka ikhoza kudutsa pafupi osamva kanthu.

Onjezanipo phokoso la ena. Nthawi ina iliyonse pa Baltic pamakhala sitima zikuluzikulu pafupifupi 2,000, osawerengera maboti a asodzi ndi a anthu okasangalala. Pansi pake pali zigoba za sitima zomira komanso mabomba masauzande ambiri otsala pa nkhondo ziwiri za dziko lonse. Ndiye imene ikusakidwayo nthawi zambiri ndi yaing'ono, yoyendera dizilo ndi mabatire. Ikazimitsa injini n'kuyendera mabatire imakhala chete kwambiri, ndipo imatha kungogona pansi n'kuoneka ngati mwala wina pakati pa miyala. A ku Sweden eniake ndi akatswiri pa zimenezi. Sitima yawo ya Gotland ili ndi injini za Stirling zimene zimailola kukhala pansi masabata osavuuka kukakoka mpweya. Asilikali a America anaibwereka pamodzi ndi oyendetsa ake kuyambira 2005 mpaka 2007 ku San Diego kuti aphunzire kusaka sitima zoterezi, ndipo pa zoyeserera inafika pafupi ndi chimphona cha sitima yonyamula ndege, USS Ronald Reagan, mokwanira kuimiza ikanakhala nkhondo yeniyeni.

Chipangizo chilichonse chimene osaka ali nacho chimadziwa mbali imodzi yokha ya choonadi. Sonar yongomvetsera, ija ya maikolofoni a m'madzi, imanena mbali imene phokoso likuchokera ndipo nthawi zina imazindikira mtundu wa injini kapena puropela, koma sinena mtunda. Sonar yotumiza phokoso n'kudikira kuti libwerere imanena mtunda, koma m'madzi a miyala imabweza chilichonse, komanso imaulula wosakayo, popeza wobisala amaimva patali kwambiri kuposa pamene iyo ingamuonere. Chipangizo choyeza maginito chimazindikira chitsulo chachikulu chikasokoneza maginito a dziko lapansi. Ubwino wake n'ngwakuti nsomba sizichinamiza, koma chimangofika mamita mazana ochepa, ndipo chigoba cha sitima yomira kapena thanthwe lokhala ndi chitsulo chimachidzutsa chimodzimodzi. Radar ndi makamera oona kutentha amagwira periscope (paipi ya magalasi imene sitima yobisala imasuzumirira pamwamba pa madzi) kapena paipi yokokera mpweya, koma pokhapokha itatuluka pamwamba, mwina kwa masekondi ochepa, pakati pa mafunde. Palinso zipangizo zotchera khutu mauthenga a wailesi, ndi maso a anthu okhala m'zilumba.

Kuphatikiza kwenikweniko

Ntchito yoyamba ndi yooneka yachabechabe koma ikalakwika zonse zapita: zipangizo zonse zigwirizane pa nthawi ndi malo. Popeza phokoso limayenda kilomita imodzi ndi theka pa sekondi, mawotchi a maikolofoni awiri akasiyana ndi sekondi imodzi yokha, malo owerengedwa amasuntha kwambiri. Tizipangizo toyandama timene ndege ndi helikoputa zimaponya m'madzi, totchedwa sonobuoy, timatengedwa ndi madzi, choncho pafunika kudziwa pamene kalikonse kali mphindi iliyonse.

Kenako amachotsa zimene zikudziwika kale. Kuyambira kumapeto kwa 2004, sitima zikuluzikulu zoyenda pakati pa mayiko zimakakamizidwa kukhala ndi AIS, chipangizo cholengeza dzina, malo ndi liwiro la sitimayo. Maikolofoni ikamva injini kum'mawa, ndipo radar ndi AIS zonse zikusonyeza sitima ya katundu mbali yomweyo ikuyenda liwiro logwirizana, phokosolo lapeza mwini wake. Chimodzimodzinso ndi mapu a pansi pa nyanja: ngati chitsulo chimene chadzutsa chipangizo cha maginito chinalipo kale chaka chatha, ndi chigoba chakale. Gawo lalikulu la ntchito yosaka ndi limeneli, kufafaniza zinthu zimene si sitima ya adani mpaka patsale zochepa zopanda mwini.

Pa zotsalazo ndi pamene masamu amalowa. Maikolofoni imodzi imapereka mzere. Iwiri yotalikirana imapereka mizere iwiri, ndipo pamene yadutsana ndi pamene pali chinthucho. Koma zinthu zikakhala ziwiri, mizere imakhala inayi ndipo imadutsana malo anayi, awiri enieni, awiri abodza. Kuti abodzawo achoke pamafunika maikolofoni yachitatu kapena chipangizo cha mtundu wina. Funso loti "kodi chimene wamva iweyo ndi chomwecho chimene ndaona ine?" ndilo lovuta koposa pa ntchito yonseyi. Mu 1979 Donald Reid anafalitsa njira yoti kompyuta isathamangire kusankha yankho limodzi, koma isunge mayankho angapo otheka nthawi imodzi, lililonse ndi kulemera kwake, n'kumataya ofooka pamene umboni watsopano ukubwera.

Potsatira chinthu choyenda amagwiritsa ntchito njira imene Rudolf Kalman anafalitsa mu 1960. Kompyuta imalosera pamene chinthucho chiyenera kukhala tsopano potengera kumene chimalowera, kenako imakonza kuloserako ndi muyeso watsopano. Muyeso uliwonse umapatsidwa mphamvu malinga ndi kudalirika kwa chipangizo chake. Chotuluka ndi dera, osati kadontho: chinthucho chili penapake m'kati mwa dera ili. Dera la sonar yomvetsera ndi lalitali ndi lopyapyala. Likadutsana ndi la chipangizo china lopingasa, malo osakamo amachepa kwambiri, ndipo helikoputa imadziwa pokatsitsa sonar yake.

Ndege monga P-8 Poseidon zimachitanso zina. Zimamwaza tizipangizo toyandama tambiri, kamodzi n'kumatulutsa phokoso, tinzake n'kumangomvetsera kuchokera mbali zosiyana. Sitima yobisala ikhoza kulozetsa mphuno yake kumene kukuchokera phokoso kuti ibweze lochepa, koma singabise nthiti zake kwa omvetsera onse, amenenso siikudziwa pamene ali.

Phindu lalikulu la kuphatikiza lili pa kuchepetsa machenjezo abodza. Tingoyerekeza ndi manambala ongopeka kuti mfundo imveke. Tinene kuti chipangizo chimalakwitsa kamodzi pa maphokoso 100 alionse, ndipo patsiku chimamva maphokoso 1,000. Ndiye kuti tsiku lililonse chichenjeza zabodza kakhumi, pamene sitima yeniyeni mwina imabwera kamodzi pachaka, mwinanso osabwera. Pafupifupi chenjezo lililonse likhala labodza, ngakhale chipangizocho n'chabwino. Tikaonjezera chachiwiri cholakwitsanso kamodzi pa 100, mwayi woti zonse ziwiri zilakwitse pa chinthu chimodzi umatsika kufika kamodzi pa 10,000. Koma masamu amenewa amagwira ntchito pokhapokha ngati zimene zimanamiza choyamba sizinamiza chachiwiri. Apa ndi pamene Sweden inavulalira.

Kwa zaka zambiri asilikali a Sweden ankajambula phokoso lina limene analitcha "phokoso lodziwika", ndipo ankalitenga ngati chizindikiro cha sitima yachilendo. Linkamveka ngati kuthetheka, ndipo nthawi zina pamwamba pa madzi pankaoneka tithovu. Linali chinsinsi cha boma, moti akatswiri a zamoyo za m'madzi sankaloledwa kulimva. Mu 1994 nduna yaikulu Carl Bildt inafika polembera kalata pulezidenti wa Russia, Boris Yeltsin, kudandaula za kulowereraku. Chaka chotsatira asilikali anavomereza kuti ena mwa maphokoso amene ankawayesa a puropela anali a tinyama totchedwa mink tikusambira pakati pa zilumba. Mu 1996 akatswiri awiri, Magnus Wahlberg ndi Håkan Westerberg, analoledwa kumva "phokoso lodziwika" lija, ndipo anapeza kuti limachokera ku nsomba za herring. Nsombazi zili ndi thumba la mpweya m'mimba, ndipo zikadzidzimuka kapena zikamasintha kuya zimatulutsa mpweyawo ngati tithovu ting'onoting'ono. Khamu lalikulu likachita zimenezi pamodzi, maikolofoni imamva bwino lomwe.

Taganizani mmene khamu la herring limaonekera kwa osaka. Maikolofoni ikumva phokoso lachilendo. Sonar yotumiza phokoso ikuona chinthu chachikulu, chifukwa matumba a mpweya a nsomba amabweza phokoso mwamphamvu. Chinthucho chikuyenda, ndipo boti likachiyandikira chikuthawa, mwinanso kugawika pawiri. Msilikali ali pamwamba akuona thovu. Zizindikiro zinayi zikugwirizana, koma gwero lake ndi limodzi. Pa bwalo la milandu kumudzi, mfumu yanzeru ikamva mboni zitatu zikunena zofanana imayamba yafunsa kuti aliyense anazidziwa bwanji, chifukwa ngati onse anamva kwa munthu mmodzi, mboni ndi imodzi basi. Chipangizo chimene chikanatsutsa zonsezi ndi cha maginito, popeza nsomba zilibe chitsulo. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti kuchuluka kwa zipangizo si kumene kuli kofunika kwambiri. Chofunika n'chakuti zikhale za mitundu yonamizidwa ndi zinthu zosiyana, ndiponso kuti dongosolo lonse lizimvera chipangizo chimene chikukana.

Kukanako nakonso kuli ndi malamulo ake. Chipangizo cha maginito chikakhala chete chili pamtunda wa makilomita awiri, sichinanene kanthu, chifukwa sichikanamva ngakhale sitimayo ikanakhalapo. Chikakhala chete chitadutsa pamwamba penipeni, umenewo ndi umboni wamphamvu. Choncho dongosolo labwino limasunga mbiri ya malo amene chipangizo chilichonse chinafikadi pa ola limenelo, malinga ndi kutentha ndi mchere wa madzi tsiku limenelo. Osaka amayeza zimenezi kawirikawiri potsitsa choyezera m'madzi.

Palinso njira ina imene mboni imodzi imasandukira zitatu, ndipo imachitikira m'mawaya. Maikolofoni ya pansi pa nyanja ikatumiza chenjezo ku sitima yolondera ndi ku ndege, ndipo zonse ziwiri zikatumiza chithunzi chawo ku likulu, kompyuta ya ku likulu ikhoza kuwerenga chenjezo limodzilo katatu n'kukhala ndi chikhulupiriro chimene sichinachokere kulikonse. Mankhwala ake ndi kuonetsetsa kuti lipoti lililonse likuyenda ndi mbiri ya kumene linachokera. Anthu nawonso amachita chimodzimodzi. Wailesi ikangolengeza kuti asilikali akusaka sitima, aliyense wa m'zilumba amayamba kuona periscope pa mtengo woyandama, ndipo malipoti awo sakhalanso oima paokha.

Phunziroli silinathere m'ma 1990. Kuyambira pa 17 mpaka 24 October 2014, asilikali a Sweden anasakanso m'zilumba za Stockholm. Nthawi imeneyo analibe helikoputa zosakira sitima zapansi pa madzi, chifukwa zakale anazipumitsa mu 2011 ndipo zatsopano zinali zisanafike, choncho mtundu umodzi wa mboni unasowa. Pa 14 November nduna yaikulu Stefan Löfven ndi mkulu wa asilikali Sverker Göranson analengeza kuti sitima yaing'ono yachilendo inalowadi. Mu 2015 asilikali anavomereza kuti umboni umene poyamba anautenga ngati waukulu unali ndi tanthauzo lina, ngakhale anaumirira kuti zizindikiro zotsalazo zinali zokwanira. Mu 2016 nduna ya chitetezo Peter Hultqvist inati phokosolo linachokera ku chinthu cha ku Sweden komweko, ndipo mu 2019 nyuzipepala ya Svenska Dagbladet inalemba kuti chinali chipangizo choyandama choyezera nyengo chimene chinaonongeka. Chinthu cha boma lomwelo, chimene chikanayenera kukhala pa mndandanda wa zodziwika kale.

Munthu asaganize kuti yankho ndi kungokayikira chilichonse. Kulakwitsa kwa mbali inayo kumapha anthu. Usiku wa pa 31 May 1942, sitima zing'onozing'ono zitatu za Japan zinapita kukaukira doko la Sydney ku Australia. Pakhomo pa dokolo panali mawaya oyalidwa pansi oyeza maginito, ndipo analembadi chizindikiro pamene yoyamba inkadutsa. Olondera anachinyalanyaza poganiza kuti ndi limodzi mwa maboti ambiri odutsa pamenepo. Panalibe njira yachangu yoyerekezera chizindikirocho ndi zimene zinali pamwamba pa madzi mphindi imeneyo. Usiku womwewo torpedo, bomba loyenda lokha m'madzi, inamiza sitima ya HMAS Kuttabul ndipo amalinyero 21 anafa. Pa 26 March 2010, sitima yankhondo ya South Korea yotchedwa Cheonan inaduka pakati m'madzi osaya kufupi ndi chilumba cha Baengnyeong, ndipo anthu 46 anafa. Ofufuza ochokera m'mayiko angapo anati inaombedwa ndi torpedo ya North Korea, zimene dzikolo limakana. Sitimayo inali ndi sonar, koma sinachenjezedwe.

Ndiye pali mlingo umene munthu ayenera kuika: chikhulupiriro chifike pati kuti atumize helikoputa, ndipo chifike pati kuti aponye bomba kapena alembere kalata dziko lina. Kompyuta ingawerenge mwayi, koma kulemera kwa miyoyo ya amalinyero poyerekeza ndi ngozi yoyambitsa mkangano ndi dziko loyandikana nalo pa nkhani ya nsomba, amayeza ndi akuluakulu a asilikali ndi andale.

Masiku ano ambiri akuika chiyembekezo pa mapulogalamu ophunzira okha kuchokera ku zitsanzo. Amathandizadi, makamaka posefa maphokoso ochuluka amene munthu wovala mahedifoni sangawamalize. Nkhawa yanga ili pa zitsanzozo. Maphokoso otsimikizika a sitima za adani ndi ochepa ndipo amasungidwa mwachinsinsi. Pulogalamu yotere ikanaphunzitsidwa m'ma 1980 ndi matepi a Sweden, ikanaphunzira kuti herring ndi sitima yankhondo, ndipo ikanamanena zimenezo mosakayika konse. Chinsinsi chimene chinatsekera kunja akatswiri a nsomba kwa zaka zoposa khumi chikhoza kuchitanso zomwezo.

Pakadali pano ntchito yolondera Baltic yakula. Mapaipi a gasi a Nord Stream anaphulitsidwa pa 26 September 2022, paipi ya Balticconnector pakati pa Finland ndi Estonia inaonongeka mu October 2023, ndipo chingwe cha magetsi cha Estlink 2 chinaduka pa 25 December 2024. Osaka sakuyang'ananso sitima zokhala ndi anthu zokha, koma ndi timakina tating'ono toyenda tokha pansi pa madzi, komanso anangula okokedwa ndi sitima za katundu, zina zitazimitsa AIS kapena zikulengeza malo abodza. Akatswiri akuyesanso kugwiritsa ntchito zingwe za intaneti za pansi pa nyanja ngati makutu: kuwala kotumizidwa m'chingwe kumasintha pang'ono chingwecho chikanjenjemera, ndipo chingwe chimodzi chimatha kumvetsera pamtunda wa makilomita makumi angapo.

Finland inalowa NATO, mgwirizano wa chitetezo wa mayiko a ku Ulaya ndi North America, mu April 2023, Sweden mu March 2024, ndipo mu January 2025 bungweli linayamba ntchito yolondera yotchedwa Baltic Sentry. Zimene sitima, ndege ndi maikolofoni a mayiko ambiri akumva tsopano zikuthiridwa m'chithunzi chimodzi. Izi zikuonjezera mboni za mitundu yosiyana, zimene Sweden inalibe pamene inkasaka yokha. Zikukulitsanso vuto la kuwerenga lipoti limodzi kangapo, chifukwa mayiko sakonda kuulula malo ndi mphamvu za zipangizo zawo ngakhale kwa anzawo, ndipo nthawi zambiri amatumiza yankho lokha popanda kunena kuti lachokera ku chipangizo chiti.